Kuyenda ndi Wailesi ya 10 GHz pa Mpikisano: Malangizo kwa Rover Woyamba Kumene

M'mwezi wa Ogasiti ndi wa Sepitembala chaka chilichonse, kumapeto kwa sabata yachitatu, m'mphepete mwa misewu ina ya ku America ndi ku Canada mumaoneka magalimoto ataima, ndipo pambali pake pamakhala munthu atawerama pa dishi yonga ya kanema, mahedifoni ali kumutu, akuitembenuza pang'onopang'ono ngati akulowetsa ulusi pa singano. Anthuwa amakhala ali pa mpikisano wa 10 GHz and Up Contest, wolumikizana pa wailesi pa mafunde a 10 GHz ndi kupitirira apo, umene umakonzedwa ndi American Radio Relay League (ARRL), bungwe la okonda wailesi ya amateur, yolankhulirana mongosangalala osati mwa malonda, lomwe linakhazikitsidwa mu 1914 ndipo likulu lake lili ku Newington m'chigawo cha Connecticut. Ena mwa opikisanawo amakhala pa phiri limodzi tsiku lonse, pomwe ena amasamukasamuka ndi zipangizo zawo m'galimoto, ndipo osamukasamukawa ndiwo amatchedwa ma rover. Malangizo ano ndi a munthu amene akufuna kuyenda ulendo wotere koyamba, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti chilichonse chimene chingadziwike musananyamuke chidziwike muli pakhomo, kuti mukafika pamalo chosadziwika chikhale chimodzi chokha, ndicho ngati mlengalenga ulola mafunde anu kudutsa kapena ayi.

Yambani ndi malamulo a mpikisanowo, ndipo muwerenge a chaka chimene mukulowacho chifukwa amakonzedwanso nthawi ndi nthawi. Pa 10 GHz mumapeza pointi imodzi pa kilomita iliyonse ya mtunda umene uli pakati pa inu ndi amene mwalumikizana naye, kuphatikizapo mapointi 100 pa call sign iliyonse yatsopano, ndilo dzina la zilembo ndi manambala limene siteshoni imadziwika nalo. Lamulo limene limabala ma rover ndi lakuti mukhoza kulumikizananso ndi munthu yemweyo ngati mmodzi wa inu wasuntha mtunda wosachepera makilomita 16. Choncho mukalankhula ndi siteshoni imodzi ya pa phiri kuchokera pamalo asanu osiyana, aliwonse ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200, mapointi 100 aja mudzawalandira kamodzi kokha, koma a mtunda adzakwana 1,000. Masamu amenewa ndiwo amalamula dongosolo lonse la tsikulo, popeza mphindi iliyonse imene mwataya mukufunafuna sipanala m'galimoto yachotsedwa pamalo ena amene mukanafikapo dzuwa lisanalowe. Pa za chilolezo, ku America laisensi yoyambirira ya FCC (bungwe la boma loyang'anira za mawailesi), yotchedwa Technician, ndi yokwanira pa mabandi onse, kapena kuti zigawo za mafunde, a mpikisanowu, ndipo mayeso ake ali ndi mafunso 35 oti mukhoze 26. Munthu wa kwathu kuno amene akukhala kumeneko akhoza kulemba ngakhale asali nzika.

Zipangizo ndi mmene zimagwirizanirana

Ambiri sagwiritsa ntchito wailesi imene imafika yokha pa 10 GHz, ngakhale kuti Icom IC-905 imatha kutero mukaiwonjezera kabokosi kake ka bandi imeneyi. Njira yofala ndi kutenga wailesi yaing'ono ya 144 MHz yodziwa SSB (njira yotumizira mawu) ndi CW (njira yotumizira zizindikiro za Morse), monga Yaesu FT-817 kapena Icom IC-705, n'kuilumikiza ku transverter, chipangizo chimene chimakweza siginolo yanu potumiza ndi kutsitsa ya mnzanu polandira. Ma transverter odziwika kwambiri ndi a Down East Microwave ku America ndi a Kuhne electronic ku Germany. M'kati mwake muli oscillator, kachipangizo kopanga mafunde, ya 10224 MHz, ndipo mukaphatikiza 144 MHz mumapeza 10368 MHz, kotero kuti wailesi yanu ikamaonetsa 144.100 ndiye kuti muli pa 10368.100 MHz, pamene anthu amaitanirana. Musanalumikize ziwirizi, tsitsani mphamvu ya wailesi yaing'onoyo kufika pa mlingo umene transverter yanu imalola, chifukwa mawati asanu olowa pamalo oyenera mphamvu yochepa akhoza kuthetsa ulendo wanu usanayambe.

Dishi ya masentimita 60 ndiyo imakwanira bwino rover, ndipo ambiri amangotenga dishi yakale ya kanema wa setilaiti, yofanana ndi zimene zili pa madenga a ku Lilongwe kapena ku Chipata, popeza kanema woteroyo amabwera pa mafunde oyandikana ndi awa. Funde limodzi la pa 10368 MHz ndi lotalika masentimita osakwana atatu, choncho dishi ya kukula kotere imasonkhanitsa mphamvu yonse m'kamzere kopyapyala ka madigiri atatu ndi theka, ndipo imaichulukitsa pafupifupi ka 2,000. Pa mtunda wa makilomita 200 kamzere kameneka kamangokuta dera la makilomita 12 m'lifupi, ndiye mukalakwitsa ndi madigiri asanu okha mnzanuyo sadzakumvani ngakhale zonse zili bwino. Kuchulukitsa komweko ndiko kumachititsa kuti mawati atatu akhale ngati mawati 6,000 kutsogolo kwa dishi, ndipo n'chifukwa chake simuyenera kuima kutsogolo kwake kapena kusuzumira mu feed (kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kotulutsa ndi kulandira mafunde) pamene mukutumiza, ndiponso musalole mwana kapena wodutsa aliyense kutero, pakuti maso ndiwo amavulala msanga ndi kutentha kwa mafunde amenewa.

Ikani feed yanu kuti mafunde azigona chopingasa, pakuti ndimo onse amachitira pa SSB ndi CW, ndipo mukaimika mafunde anu pamene anzanu awagoneka mudzataya mphamvu yochuluka popanda chokuuzani chifukwa chake. Transverter ikhale pafupi ndi feed mmene mungathere, chifukwa chingwe chimene chimagwira bwino pa 144 MHz chimameza siginolo yambiri pa 10 GHz ngakhale chitakhala chachifupi. Pakati pa zonsezi pakhale sequencer, kachipangizo koonetsetsa kuti relay, switchi yosintha pakati pa kutumiza ndi kulandira, yatembenukira ku mbali yotumiza mphamvu isanatuluke, pakuti relay yotembenuka mphamvu ili kale m'njira imapsa, ndipo nthawi zina imapsa pamodzi ndi mbali yolandirira. Mangani zonsezi pa thabwa limodzi kapena pa chitsulo chimodzi pamodzi ndi dishi, kuti potsika m'galimoto muzingonyamula chinthu chimodzi n'kuchikhazika pa tripod, choimikira cha miyendo itatu. Kwa ine, siteshoni ya mphamvu yochepa imene imaima m'mphindi zitatu iposa ya mphamvu yambiri imene imafuna mphindi makumi awiri ndi zingwe zisanu ndi ziwiri zolumikiza pamalo aliwonse.

Kudziwa frequency yanu musanachoke pakhomo

Apa ndi pamene oyamba kumene ambiri amagwera. Oscillator yolakwitsa ndi gawo limodzi lokha pa magawo miliyoni imakusocheretsani ndi 10 kHz pa 10 GHz, pomwe khomo limene SSB imamvera ndi losakwana 3 kHz, kutanthauza kuti anthu awiri akhoza kulozetsana madishi bwinobwino koma osamvana konse. Kristalo ya m'kati mwa oscillator imasunthanso ndi kutentha, ndiye siteshoni imene inali pamalo pake m'mawa kukuzizira imakhala itasamuka dzuwa likafika pamutu. Mankhwala ake ndi kumangirira transverter ku siginolo ya 10 MHz yodalirika, kaya yochokera ku oscillator yokhala m'kauvuni kake kosunga kutentha kumodzi, kaya yowongoleredwa ndi GPS monga tizipangizo ta Leo Bodnar. Ngati yanu ndi ya kauvuni, iyatseni m'mawa ndipo musaizimitsenso tsiku lonse, ngakhale pamene galimoto ikuyenda, popeza ikazizira imafuna nthawi kuti ikhazikikenso. Kumbukirani kuti wailesi yaing'ono ija nayonso ili ndi kulakwitsa kwake, choncho mvetserani beacon yodziwika (siteshoni yotumiza siginolo mosalekeza pa frequency imodzi), kapena pitani kwa mnzanu amene ali ndi zoyezera, ndipo kusiyana kumene mwapeza mukulembe pa kapepala n'kukamata pa wailesipo. Magulu monga San Bernardino Microwave Society ku California ndi North East Weak Signal Group ku New England amakhala ndi masiku oyezera zipangizo mpikisano usanafike, ndipo tsiku lotere ndi la phindu kwa woyamba kumene kuposa chipangizo chilichonse chimene angagule.

Kulozetsa dishi m'mwamba ndi m'munsi nakonso kuthetsedwe muli kwanu. Dishi ya kanema yambiri ndi ya mtundu wa offset, ndiye imayang'ana m'mwamba ndi madigiri oposa makumi awiri kuposa mmene nkhope yake ikuonekera, kotero kuti ikamaloza kumene thambo lakumana ndi dziko imaoneka ngati yaweramira pansi. Pezani malo amenewo pomvetsera beacon yakutali, ndipo mukapeza pamene siginolo yakwera kwambiri, mangirirani levulo yaing'ono ya amisiri omanga pa chitsulo cha dishi, kathovu kake kali pakati. Kuyambira tsiku limenelo, kulikonse kumene mwaima, kathovu kakabwera pakati ndiye kuti dishi yaloza moyenera.

Batire likhale lakelake la siteshoni, osati la galimoto, kuopa kuti mungadzalephere kuliza injini madzulo muli kutali ndi anthu. Mabatire a LiFePO4 amasunga mphamvu yosatsika pafupifupi mpaka kumapeto, zimene zimathandiza chifukwa transverter yolandira magetsi ochepa imayamba kulira mokhotakhota pa CW. Ikani fyuzi pafupi ndi batire, ndipo mutenge mafyuzi ena, chingwe china cha mtundu uliwonse, kiyi wa Morse ndi maikolofoni.

Kusankha malo ndi kulemba ulendo

Pa mpikisanowu anthu amapatsana zilembo zisanu ndi chimodzi zosonyeza malo amene ali, za dongosolo la Maidenhead, limene linagwirizanidwa mu 1980 pa msonkhano wa m'tauni ya dzina lomwelo ku England. Zilembo ziwiri zoyamba zimaimira dera la madigiri 20 ndi 10, manambala awiri otsatira amaimira la madigiri 2 ndi 1, ndipo zilembo ziwiri zomaliza zimaimira kadera kamene kumpoto kwa America kamakhala ka makilomita pafupifupi asanu ndi awiri m'lifupi ndi osakwana asanu m'litali. Siteshoni ya W1AW ku likulu la ARRL ili mu FN31pr, pomwe Lilongwe ili mu KH66. Popeza mapointi amawerengedwa kuchokera pa zilembo zimenezi, chilembo chimodzi cholakwika chikhoza kukutayitsani kulumikizana konseko, choncho mukafika pamalo tsimikizani ndi GPS, makamaka ngati mwaima pafupi ndi malire a tizigawo tiwiri.

Malo abwino si okwera okha ayi, koma oyera kutsogolo. Masamba a mtengo amatchinga mafunde a masentimita atatu pafupifupi ngati khoma, ndiye phiri lalitali lokutidwa ndi nkhalango limagonja kwa kamtunda kotsika kamene kutsogolo kwake kuli dambo. Ku Minnesota ndi ku Iowa, kumene ma rover a gulu la Northern Lights Radio Society amayenda m'misewu ya m'minda, vuto lalikulu mu Ogasiti ndi chimanga, chimene pa nthawiyo chimakhala chitapitirira msinkhu wa munthu, kotero kuti malo amene anali oyera chaka chatha atadzalidwa soya akhoza kukhala otsekeka chaka chino. Pa chifukwa chimenechi mapu a pa intaneti angokuthandizani kusankha, koma malowo mukawaone ndi maso anu sabata imodzi kapena ziwiri mpikisano usanafike, muime pamene tripod idzaime, muone mbali zimene zili zotseguka, ndipo muone ngati galimoto ingaime bwino kunja kwa msewu. Ngati ndi munda wa munthu pemphani, ndipo ngati ndi paki ya boma funsani ngati pamafunika chilolezo.

Kukwera kuli ndi phindu lake lodziwika. Mtunda umene mafunde amafika molunjika, m'makilomita, umapezeka mukachulukitsa ka 4.1 square root ya kutalika kwa malowo m'mamita, choncho pa phiri la mamita 1,000 mumafika makilomita 130 mbali yanu yokha. N'chifukwa chake Mount Greylock ku Massachusetts ndi Mount Washington ku New Hampshire, limene ndi lotalika mamita 1,917, amakhala ndi masiteshoni pa masiku amenewa. Koma kulumikizana kwambiri pa mpikisanowu kumachitika pakati pa anthu osaonana konse, chifukwa kachigawo kochepa ka mafunde kamamwazika mu mpweya wa m'mwamba n'kutsikira kuseri kwa malekezero a dziko, ndipo ndi CW kachigawo kameneko kamakwanira pa makilomita mazana angapo. M'mbali mwa nyanja zikuluzikulu monga Lake Superior, Lake Michigan ndi Lake Erie muli mwayi wina, pakuti mpweya wofunda ukagona pamwamba pa madzi ozizira umapanga ngati mpaipi wonyamula mafunde kuwolokera tsidya lina, ndipo masiku oterowo munthu woima pa mchenga penipeni amamveka bwino kuposa woima pa chitunda. Mukakhala ndi malo a m'mbali mwa madzi, yesani m'munsi ndi m'mwamba momwe musananene kuti njira yatsekeka.

Mukasankha malo, atalikirane makilomita oposa 16 poyeza molunjika, osati potsata msewu, ndipo musiye mpata wa kilomita imodzi kapena ziwiri pamwamba pake. Kenako lembani tebulo losonyeza, pamalo aliwonse, mbali imene siteshoni iliyonse yodziwika ili m'madigiri pamodzi ndi mtunda wake, ndipo mulisindikize pa pepala chifukwa foni imatha moto, netiweki imasowa, ndiponso galasi lake silioneka padzuwa. Tumizani ndondomeko ya ulendo wanu kwa anzanu a m'deralo masiku angapo mpikisano usanayambe, kuti adziwe kuti mudzakhala kuti pa nthawi yanji.

Mukafika pamalo

Imikani galimoto kutali ndi msewu mmene mungathere, valani chovala chowala, ndipo laisensi yanu ikhale pafupi, popeza dishi yoloza kumudzi kwa anthu imadzutsa mafunso, ndipo apolisi kapena eni malo akabwera ayenera kuyankhidwa mwaulemu ndi momveka. Khazikani tripod pa nthaka yolimba, iwongoleni ndi levulo kuti dishi ikamazungulira isamakwere ndi kutsika, ndipo pakati pa miyendo yake mupachikepo batire kapena chigubu cha madzi. Dishi imakoka mphepo kwambiri, ndipo lole imodzi yodutsa mothamanga ikhoza kugwetsa siteshoni yonse n'kupinda feed imene munaikonza mwezi wathunthu.

Tsopano pezani kumpoto kwenikweni. Kampasi imaloza kumpoto kwa maginito, ndipo kusiyana kwake ndi kumpoto kwa pa mapu kumasintha ndi dera: ku New England ndi madigiri pafupifupi 14 chakumadzulo, ku California ndi oposa 10 chakum'mawa, pomwe ku Minnesota n'kochepa kwambiri. Choncho ku New England, tebulo lanu likanena madigiri 250, kampasi iyenera kuonetsa pafupifupi 264. Chitsulo cha galimoto, cha tripod ndi maginito a sipika zimasokoneza kampasi, ndiye muziyezera mutaima mamita angapo kuchokera pa zonsezi, mupeze chinthu chakutali chimene chili pa mbali imeneyo, monga nsanja kapena mtengo, n'kulozetsa dishi pa icho. Njira yoposa kampasi ndi beacon, kapena siteshoni yamphamvu imene mukudziwa bwino pamene ili: ipezeni, kwezani siginolo yake kufika pachimake, kenako tembenuzani mkombero wa madigiri wa pa tripod kuti ugwirizane ndi nambala ya pa tebulo lanu. Mukatero mbali zina zonse zalondola, ndipo musakhudzenso miyendo ya tripod mpaka pochoka. Dzuwa nalonso limathandiza, popeza pulogalamu ya pa foni imakuuzani mbali imene lili pa mphindi imeneyo ndipo mthunzi umakusonyezani mzere wake.

Pa 10 GHz kuitana mwachisawawa sikupindula kawirikawiri, ndiye malamulo amalola kupangana pa njira ina. Kumpoto chakum'mawa kwa America ambiri amapangana pa 144.260 MHz, ndipo masiku ano mafoni ndi mauthenga olemba alowa m'malo ambiri. Popangana nenani pamene muli, frequency imene mukufuna, ndi amene ayambe kutumiza, koma zilembo za mpikisano ndi kuvomereza kwake ziyenera kudutsa pa 10 GHz pomwepo, ndipo munthu amene amamaliza pa foni kulumikizana kumene sikunathe pa mlengalenga wadzinamiza yekha ndiponso wanamiza anzake onse. Mukapangana, chokani pa 10368.100 mupite chapambali pang'ono kuti ena apeze poitanira.

Amene ali ndi mphamvu yambiri, kapena amene akudziwa bwino mbali yake, ayambe kutumiza kamvekedwe kosalekeza kapena timizere ta Morse totsatizana. Inu mumvetsere ndi mahedifoni, dishi ili pa madigiri a pa tebulo, ndipo muyambe ndi kusuntha frequency ma kHz ochepa uku ndi uku musanakhudze dishi, chifukwa kusintha ziwirizi nthawi imodzi ndiko kumachititsa anthu kudutsa pa siginolo osaizindikira. Mukapanda kumva kanthu, sunthani dishi digiri imodzi kapena ziwiri n'kubwereza. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo siginolo yochokera makilomita 400 imayamba ngati kusintha pang'ono chabe kwa phokoso, imabwera n'kupita, kotero kuti dzanja lothamanga limaipitirira. Mukaigwira, ikwezeni kumanzere ndi kumanja, kenako m'mwamba ndi m'munsi, mumange zomangira, ndipo mumuuze mnzanuyo kuti tsopano mutumiza ndinu kuti nayenso awongole yake. Kawirikawiri siginolo imene inali yosamveka bwino imakhala yokwanira SSB onse awiri akawongola. Ikakhala yofookabe, gwiritsani CW, ndipo mukhoza kugawana mphindi, wina kutumiza pa mphindi zogawika pawiri, wina pa zinazo, mawotchi anu atagwirizana ndi GPS. Kulumikizana kwatha pamene aliyense wamva ma call sign onse awiri, zilembo zisanu ndi chimodzi za mnzake, ndi kuvomereza kuti zake zamveka. Ngati simudziwa Morse, phunzirani ngakhale mlingo wongokwanira kumva call sign ndi zilembo pang'onopang'ono, chifukwa mitunda yaitali yambiri imapezeka motero; ena amagwiritsa Q65, njira yolumikizirana pa kompyuta ya pulogalamu ya WSJT-X, koma kompyuta ndi katundu winanso woti aziyatsidwa ndi kulumikizidwa pamalo aliwonse.

Njira yolunjika ikakana, musafulumire kupasula. Yesani kulozetsa madishi onse awiri pa phiri limene nonse mukuliona, kapena pa nsanja ya madzi, popeza mafunde amenewa amanjanja pa zinthu zolimba. Koposa zonse yang'anani mvula. Madontho a m'mtambo wa mabingu amamwaza bwino mafunde a 10 GHz, ndipo chifukwa mtambo wotere umakwera makilomita khumi kapena kuposerapo, umaoneka kwa masiteshoni otalikirana kwambiri amene sakanamvana mwa njira ina. Onani pa mapu a radar pamene pali mvula yamphamvu, nonse mulozetse madishi kumeneko m'malo molozetsana, ndipo ngati mtambowo uli pafupi mukweze dishi madigiri angapo. Siginolo yobwerera ku mvula simveka ngati kaliu woyera koma ngati mpweya wotuluka m'tayala, SSB imamveka yophwanyika, ndipo ikakhala yamphamvu FM imamveka bwino koposa. Komabe walira mvula walira matope: mtambo womwewo umene ukukupatsani mapointi ukhoza kutembenukira kwa inu, ndipo munthu woima pa chitunda pambali pa chitsulo ali pangozi ya mphezi. Mukangomva bingu, pasulani ndi kulowa m'galimoto, ngakhale kulumikizana kutatsala chilembo chimodzi.

Ngati muli ndi 24 GHz, yesani mukangomaliza pa 10 GHz, dishi isanasunthe, chifukwa pa bandi imeneyi kamzere ka dishi yomweyo n'kopyapyala kuposa theka la koyamba kaja. Ku America anthu amakumana pa 24192 MHz. Bandi imeneyi ili pafupi ndi 22 GHz, pamene nthunzi ya madzi imameza mafunde kwambiri, choncho tsiku lachinyezi la mu Ogasiti limafupikitsa mitunda, ndipo tsiku louma la mu Sepitembala limaitalikitsa.

Kuyenda pagulu ndi kusunga nthawi

Woyamba kumene achita bwino kuyenda ndi gulu la ma rover ena, chifukwa amene ali ndi siteshoni yamphamvu amapeza njira, ndipo otsala amangotengera mbali ndi frequency yomweyo n'kumalizitsa mmodzimmodzi. Imikani madishi pa mzere wopingasa ndi mbali imene mukuloza, kuti pasakhale wina kutsogolo kwa mnzake, ndipo musatumize dishi yanu italoza ya mnzanu wapafupi, popeza mukhoza kumuotchera mbali yolandirira. Gwirizanani ndondomeko ya amene ayambe ndi amene atsatire, ndipo muisunge tsiku lonse kuti a pa phiri aja adziwe amene akubwera pambuyo pa mnzake popanda kufunsa. Nthawi ya wina ikakwana, ena onse akhale chete pa bandiyo.

Ikani malire a nthawi ya pamalo aliwonse musanafikepo, ndipo ikakwana nyamukani. Chiyeso chachikulu ndi kukakamira njira imodzi yovuta kwa theka la ola pamene masiteshoni ena khumi akukudikirani pamalo otsatira, ndipo aliyense wa iwo akanakupatsani mapointi a mtunda wonse mosavuta. Yambani ndi amphamvu ndi odalirika, kenako akutali, ndipo wokanikayo mumuuze kuti mudzayesanso patsogolo, popeza makilomita 16 okha, kapena ola limodzi la kusintha kwa mpweya, zikhoza kutsegula njira imene inali yotseka. M'mamawa ndi madzulo mpweya umakhala wodekha ndipo mitunda yaitali imatheka kawirikawiri, choncho malo anu abwino koposa muwaike pa nthawi zimenezo, ndipo a masana akhale ongodutsapo. Imwani madzi, valani chipewa, phimbani transverter kuti dzuwa lisaiwombe mwachindunji, ndipo woyendetsa galimoto asagwire foni kapena maikolofoni. Kupangana za malo otsatira ndi ntchito ya wokhala pambali.

Lembani kulumikizana kulikonse nthawi yomweyo, ndi pensulo chifukwa inki imafufutika ndi mvula: tsiku, nthawi ya UTC (nthawi yoyendera dziko lonse lapansi), bandi, call sign ya mnzanu, zilembo zake ndi zanu za pamalo amenewo. Cholakwa chofala cha rover ndi kupitiriza kutchula zilembo za pamalo amene wachokapo, choncho mukangofika lembani zatsopanozo pa pepala lalikulu n'kulipachika pa tripod pamene maso anu akugwera. Musanachoke, zungulirani galimoto kamodzi mukuyang'ana pansi ndi padenga, popeza kampasi, kiyi wa Morse ndi mabawuti a tripod ndizo zimatsalira mu udzu. Masabata awiri a mpikisanowu amawerengedwa pamodzi, ndipo kaundula wake amatumizidwa ku ARRL m'kalembedwe ka pa kompyuta kotchedwa Cabrillo tsiku lotsekera lisanadutse, koma musadikire Sepitembala kuti mukopere za mu Ogasiti mu kompyuta. Chitani zimenezo Lolemba lotsatira, mudakakumbukira chimene chilembo chofufutika chija chinali. Pa pepala lomwelo mulembenso chingwe chimene chinavuta, malo amene anapezeka otsekeka ndi chimanga, ndi mphindi zimene zinkapita poimika siteshoni, chifukwa pakati pa sabata ya mu Ogasiti ndi ya mu Sepitembala pali mwezi wathunthu woti mukonze zimenezo ndi kukaonanso malo ena olowa m'malo mwa amene anakana.